Munthu akamwalirira kunyumba, tizifunsa chimene chamupha

Pamaliro ambiri amene ndakhalapo kuno ku Luchenza, woimira banja akaimirira kufotokoza za matenda a malemu, nkhani imakhala imodzimodzi: adadandaula mutu, thupi lidatentha, tidayesa uku ndi uku koma zidakanika. Anthu amagwedeza mitu, kwaya n'kuyamba nyimbo. Ine amene ndimaona odwala tsiku ndi tsiku ndimatsala ndi funso. Adali malungo, chibayo, matenda oumitsa khosi, kapena shuga amene sadapimidwepo?

Munthu akafera m'chipatala, dotolo amalemba chimene chamupha. Akafera kunyumba, kapena panjinga akupita naye ku chipatala cha boma ku Thyolo, palibe cholembedwa. Amfumu amadziwa kuti m'mudzi mwagwa zovuta, koma a Unduna wa Zaumoyo akamawerengera mankhwala ndi anamwino oti atumize kuno, imfa imeneyo saiona.

Pali njira yotsekera mpata umenewu, imene pa Chingerezi amati verbal autopsy. Mtembo sukhudzidwa ayi. Maliro akatha, mtima utatsikako pansi, munthu wophunzitsidwa bwino amapita kukacheza ndi amene adadwazika matendawo. Mafunso ake adakonzedwa ndi bungwe la WHO ndipo ali m'magulu atatu: a khanda losakwana milungu inayi, a mwana wosapitirira zaka 11, ndi a wamkulu. Adatsokomola masiku angati? Adaonda? Miyendo idatupa? Ngati adali mayi, adali woyembekezera kapena adali atangochira kumene? Mayankho amaunikidwa ndi madotolo kapena kompyuta, n'kupeza matenda amene akuoneka kuti ndiwo adamupha.

Sizachilendo m'dziko muno. Ku Chilumba m'boma la Karonga ofufuza akhala akuchita izi kuyambira 2002, ndipo n'zimene zidathandiza kuonetsa kuti ma ARV aulere atafika m'bomalo mu 2005, imfa za akuluakulu zidayamba kutsika, makamaka kwa okhala pafupi ndi msewu waukulu. Apa panali phunziro lowawa: mankhwala adalipo, koma wakutali sadawafikire msanga. Ku India nako, kafukufuku wotere adapeza kuti anthu pafupifupi 46,000 amafa chaka chilichonse polumidwa ndi njoka, imfa zimene mabuku a zipatala sankazionetsa chifukwa ambiri ankafera kumudzi.

Kwathu kuno ndimaganiza za othyola tiyi m'maesiteti. Ambiri amabwera nyengo ya mvula tsamba likachuluka. Wina akadwala kwambiri amabwerera kwawo ku Mulanje, Phalombe ngakhale kutsidya ku Mozambique, n'kukafera komweko. Kiliniki imene idamuona koyamba siidziwa mathero ake. Ngati chifuwa chachikulu chikuyenda m'nyumba zogona antchito, tidzachizindikira mochedwa.

Tisanamizane, njirayi ili ndi malire ake. Imakhoza bwino pa imfa za ngozi, za uchembere ndi zina zooneka msanga, koma imavutika kusiyanitsa malungo ndi matenda ena otenthetsa thupi. Imasokonezekanso kwa okalamba amene amakhala ndi matenda awiri atatu nthawi imodzi. Choncho yankho la munthu mmodzi si umboni wopita nawo kubwalo la amfumu kapena kukhoti. Mphamvu yake imaoneka tikaphatikiza imfa zambiri za dera limodzi. Ana khumi a mbali imodzi ya mtsinje akamwalira ndi kutsegula m'mimba, timadziwa kuti tikayang'ane zitsime.

Ena amati kufunsa ofedwa n'kutokosa chilonda. Ndikuwamvetsa, ndipo wofunsa wopanda ulemu, wofika anthu adakali pasiwa, amaonongadi zinthu. Banja lili ndi ufulu wokana. Komabe taonani zimene zimachitika funsoli likapanda kufunsidwa. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, yankho limapezeka ndithu, ndipo kawirikawiri chala chimaloza agogo ena osauka kuti ndi mfiti. Mwanayo mwina adafa ndi chibayo chimene mankhwala a masiku ochepa akadachiza.

Kwa inu makolo, wina wochokera ku zaumoyo akadzafika ndi mafunso otere, fotokozani zonse, ngakhale zoti mudapita kwa asing'anga kapena mudagula mapilitsi pa golosale. Sadabwere kudzakuzengani mlandu. Kabuku ka kuchipatala ka malemu musataye kapena kuika m'bokosi. Kamanena zambiri kuposa zimene tingakumbuke.

Inu mavolontiya, imfa iliyonse ya m'mudzi mwanu ifike kwa mlangizi wa zaumoyo, kuphatikizapo khanda lobadwa lakufa kapena lomwalira lisanatchulidwe dzina. Imfa zimenezi amayi amaika mwakachetechete, ndipo n'zimene zimasowa kwambiri m'kaundula.

Chimene ndimadandaula n'chakuti ofufuza ena amatenga mayankho n'kupita osabwereranso. Mayi amene wapirira kufotokoza masiku otsiriza a mwana wake ayenera kudzamva, pamsonkhano wa m'mudzi kapena kusikelo, zimene zapezeka ndi zimene boma lichitepo. Amene akufuna kuyambitsa ntchitoyi ku Thyolo aike ndalama ya ulendo wobwererawo mu bajeti yawo kuyambira pachiyambi.