Khomo la yunivesite zakunja limatsekulidwa ndi mapepala

Chaka ndi chaka ana ochokera ku Mandimba, Ngauma, Mecanhelas ndi Lago amatsiriza 12ª classe ku Lichinga, ena akugona m'tizipinda tarendi ku Chiuaula. Makolo amagulitsa chimanga, mbuzi ndi usipa kuti mwana afike pamenepo. Koma ikamveka nkhani yokaphunzira kunja, banja limagwa mphwayi poganiza kuti zimenezo nza ana a akuluakulu a ku Maputo.

Si choncho ai. M'chaka cha 1997 maiko a SADC adasaina pangano la maphunziro ku Blantyre, logwirizana kuti yunivesite zao zizisungira ophunzira a maiko anzao malo osachepera 5 pa 100 alionse. Choncho mwana wa m'malire angathe kupempha malo ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu. Dziko la Brazil nalo limalandira ophunzira a Mozambique popanda fizi kudzera m'ndondomeko ya PEC-G, koma chakudya ndi pogona ndi udindo wa banja. Mabolsa a boma amalengezedwa ndi Instituto de Bolsas de Estudo.

Chimene chimagwetsa ana ambiri ndi mapepala. Setifiketi ya Chipwitikizi iyenera kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wovomerezeka isanapite ku Malawi. Pasipoti ya ku Migração situluka tsiku limodzi. Dzina la pa BI, pa setifiketi ndi pa pasipoti lifanane lembo ndi lembo. Chinyanja chimathandiza pa msika wa Chiponde, koma m'kalasi ku Zomba amaphunzitsa m'Chingerezi. Nkofunika tsono kuyamba kukonzekera mwana akadali mu 11ª classe, monga mlimi amasosa munda mvula isanagwe.

Makolo achenjerenso ndi atambwali olonjeza bolsa pa foni nkumapempha ndalama za "kufewetsa njira". Ndalama iliyonse yolembetsera ilipiridwe ku akaunti ya yunivesite yeniyeniyo, ndipo risiti isungidwe.

Udindo wina uli kwa akuluakulu a sukulu ndi maofesi a maphunziro m'maboma. Chilengezo cha bolsa chikangothera pa intaneti ndi pa khoma la ofesi ku Lichinga, mwana wa ku Cóbuè amachimva tsiku lotsekera litadutsa kale. Mawailesi a m'madera azichiulutsa m'Chinyanja ndi m'Chiyao, pamodzi ndi tsiku lotsekera, kuti ana a m'midzi apikisane ndi anzao a m'tauni pa nthawi yake.