Mendulo ya agogo si chitsulo chogulitsa pa sikelo

Mumzinda wa Blantyre chilichonse chili ndi msika. Anyamata amazungulira ndi matumba ndi sikelo ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa kugula zitsulo zakutha, ndipo amenewa tidawazolowera. Koma pali ogula ena amene safuula. Iwowa amafunsa motsitsa mawu ngati pakhomo pali ndalama zakale, mamendulo, lamba kapena chipewa cha usilikali. Akamva kuti chinthucho n'cha Jeremani, makutu amaima.

Ine maganizo anga ndi akuti katundu wotere asachoke pakhomo mwachisawawa. Wogulayo amadziwa chimene akufuna, pomwe ambiri mwa ife sitidziwa chimene tikutaya.

Kumaiko a azungu kusonkhanitsa zinthu za nkhondo ndi malonda aakulu. Alipo anthu amene amasaka mendulo ya Jeremani yotchedwa Iron Cross, zipewa zosongoka pamwamba, mapositikhadi a asilikali komanso mphete zachitsulo. Mphetezi zili ndi mbiri yake: pankhondo yoyamba ya dziko lonse amayi a ku Germany ankapereka zibangili ndi mphete zawo zagolide kuti zithandize nkhondo, ndipo ankalandira zachitsulo ngati umboni wakuti amakonda dziko lawo. Chitsulo chokhacho sichingagule ngakhale mtolo wa masamba. Chimene anthu amalipira ndi nkhani imene chitsulocho chanyamula.

Mwina wina afunsa kuti za Jeremani zikutikhudza bwanji ife, popeza amene adatilamulira ndi Mngerezi. Tisaiwale kuti kalelo Jeremani adali mnansi wathu. Dziko la Tanzania lidali m'manja mwake, ndipo malire adali pamtsinje wa Songwe ndi panyanja yathuyi.

Nkhondo itangoyamba mu Ogasiti 1914, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, idakaombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, padoko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho mfuti zidalira ku Karonga, ndipo manda a Angerezi ndi Majeremani amene adafa tsikulo alipobe. Mfuti yaikulu ya Guendolen mukhoza kukaiona pafupi ndi chipilala cha wotchi pa Mangochi.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti amuna ena a kuno adavala yunifomu ya Jeremani. Mu 1911 Angerezi adathetsa gulu lachiwiri la King's African Rifles, lomwe makolo athu ankangoti Keyala. Asilikali ambiri amene adachotsedwa ntchito adawoloka Songwe kukalembetsa kwa Majeremani, komwe malipiro adali abwinoko. Choncho nkhondo itabuka, anthu a mtundu umodzi adalozana mfuti, wina pansi pa mbendera iyi, wina pansi pa iyo.

Nkhondoyo, imene akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya kaamba ka mfuti yolavula zipolopolo motsatizana, idameza dziko lonse lino. Akatswiri a mbiri amati amuna pafupifupi 19,000 adalowa usilikali, pomwe ena oyandikira 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu. Apo n'kuti anthu onse m'dziko muno ali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri adafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi kutopa, ndipo manda awo alibe chizindikiro.

Amene adabwerako adabwera ndi tizinthu m'matumba: rupiya ya siliva yokhala ndi mutu wa mfumu Wilhelm II, timakobidi ta heller tobooka pakati, mabatani, botolo la madzi. Ana awo nawonso adapita kunkhondo yachiwiri ku Abyssinia, Madagascar ndi Burma, n'kubwera ndi mamendulo awo. Tizinthu timeneti ndi timene tili pansi pa masutikesi ku Chilomoni, Chirimba ndi Machinjiri, titakulungidwa m'kansalu.

Tsono vuto lagona apa. Msilikali wachizungu adasiya makalata, zithunzi ndi mabuku. Agogo athu ambiri sadalembe kanthu. Kwa mabanja ochuluka, mendulo ndiye chikalata chokhacho chotsimikiza kuti munthuyo adakhalako ndipo adamenya nkhondo. Mamendulo a Angerezi a nkhondo yoyamba adadindidwa nambala ndi dzina la msilikali m'mphepete mwake. Tengani yanu muyang'anitsitse pakuwala, mulipeza. A nkhondo yachiwiri, monga nyenyezi ya Burma, ambiri alibe dzina, kotero akangosiyana ndi chitupa chotulukira usilikali sadziwikanso mwini wake.

Kufunika kwa chitupa kudaoneka ku Tanzania mu 1964, pomwe boma la West Germany lidaganiza zolipira asilikali akale a Jeremani amene adali moyo. Nkhani imati madala ambiri adafika ku Mwanza opanda chikalata chilichonse, ena atangonyamula zidutswa za yunifomu. Olipirawo adachita kuwapatsa tsache kuti aligwire ngati mfuti n'kuwalamula m'Chijeremani kuti aone ngati akukumbukira perete. Madalawo adapambana chifukwa adali amoyo. Nanga agogo anu amene adagona kale adzawayankhulira ndani ngati mendulo yapita?

Ndikudziwa kuti ena anena kuti mbiri sadya. Fizi ya mwana ikafunika, feteleza atakwera mtengo, wakatapila ali pakhomo, kachitsulo kogona m'sutikesi kamaoneka ngati chipulumutso. Sindingaloze chala mayi amene wagulitsa mendulo kuti agule mankhwala. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Ndalama ya wogula wapamsewu imatha sabata isadathe. Mendulo yomweyo ikafika pamsika wa ku London kapena pa intaneti, ili ndi dzina la msilikali wa Keyala ndi mbiri yake, mtengo umakhala wina. Phindu ladyedwa ndi wina, ndipo banja latsala lopanda ndalama komanso lopanda chikumbutso.

Ena amati izi ndi zinthu za atsamunda, za nkhondo imene sidali yathu. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo John Chilembwe adainena kalekale. Mu Novembala 1914 iye adalembera nyuzi ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akutengedwa kukafera nkhondo ya eni, kusiya amasiye ndi ana. Patangopita miyezi iwiri anyamata ake adathyola nyumba ya zida pa Mandala, mumzinda momwe muno. Koma ngati tikugwirizana ndi Chilembwe, ndiye kuti tiyenera kusunga umboni wa zimene ankanenazo. Mendulo siyamikira Mngerezi kapena Jeremani ayi. Imaonetsa zimene nkhondo ya eni idatenga pamudzi pathu.

Tisanamizanenso kuti osonkhanitsa onse ndi akuba. Alipo amene amasamala zinthuzi kuposa ife, amafufuza dzina lililonse n'kulemba mbiri yake. Katswiri wina wa ku America, Melvin Page, adayenda m'midzi ndi ophunzira a ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1970 kucheza ndi madala amene adaona nkhondo ya Chiwaya, ndipo mawu awo adasungika m'buku lake lotchedwa The Chiwaya War. Mlendo adaona kufunika kwa zimene ife tinkaziyesa nthano za okalamba. Manyazi ake ndi athu.

Palinso mbali ina yofunika kuchenjezana. Dzina la Jeremani lasanduka nyambo ya atsizinamtole. Ku Tanzania kwakhala mphekesera zakuti rupiya yakale kapena simbi ya makala ya Jeremani ili ndi mphamvu zodabwitsa ndipo ingalemeretse munthu tsiku limodzi. Mphepo yotere sichedwa kuwoloka malire. Zoona zake n'zakuti rupiya ndi ndalama ya siliva basi. Ndalama imene osonkhanitsa amaifunadi ndi ya golide ya marupiya 15, yokhala ndi njovu, imene idasulidwa ku Tabora mu 1916, ndipo zabodza zake zilipo zambiri. Munthu akakuuzani kuti muyambe mwalipira kuti akupezereni wogula, dziwani kuti wogulidwa ndinu.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, tulutsani zinthuzo pamaso pa banja lonse. Funsani azakhali ndi amalume amene adakali moyo: mwini wake adali ndani, kwawo kudali kuti, adapita liti, adabwera bwanji? Lembani zonse m'kope pamodzi ndi nambala ya pamendulo, ndipo jambulani ndi foni. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma amafunika wowasunga.

Chachiwiri, musakweche mendulo ndi mchenga kapena phulusa pofuna kuti iwale, mufafaniza dzina. Musalekanitse mamendulo, chitupa ndi chithunzi pogawana za masiye ngati mbale. Zikhale pamodzi kwa munthu mmodzi amene banja lamukhulupirira. Koma ngati m'katunduyo muli chipolopolo kapena bomba, chimenecho si chikumbutso. Musachigwire, kauzeni apolisi.

Chachitatu, ngati kusunga kwakanika, yambani mwafika ku nyumba yosungiramo zinthu zakale pa Chichiri, kapena ku laibulale ya Society of Malawi pa Mandala, mukafunse nzeru. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, ndipo kutulutsa zotere kunja popanda chilolezo kungakuikeni m'madzi. Safunsa adadya phula.

Nawo a boma ndi oyang'anira nyumba zosungiramo zinthu zakale asangodikira kuti anthu abwere okha. Bwanji osakonza tsiku, mwina mu Novembala pomwe timavala duwa lofiira pokumbukira asilikali, loti mabanja a ku Limbe ndi madera ozungulira abweretse zimene ali nazo, zijambulidwe, zilembedwe m'kaundula, kenako abwerere nazo kwawo? Sizifuna ndalama zambiri. Zifuna tebulo, kamera ndi munthu wodziwa kufunsa.

Chipilala cha Keyala ku Zomba chidasunga maina a asilikali, ndipo malipenga ndi beni adasunga mayendedwe a perete. Koma dzina la agogo anu enieni, amene adasenza katundu mpaka ku Songea kapena adagona m'nkhalango za Burma, palibe wina adzalisunge kuposa inu. Wogula akadzagogoda, muuzeni kuti eni ake a katunduyo ndi adzukulu amene sadabadwe.