KATEMERA ALIBE CHIPANI

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu zonse, mwezi uno tiyamba taika pambali nkhani ya mtengo wa feteleza ndi ya misika ya chimanga, ngakhale tidziwa kuti ndizo ziri pamtima pa aliyense. Pali kanthu kena kamene kali kutiwawa, ndipo tifuna tikanene poyera pamaso pa inu nonse.

Kanthuko ndi aka. Tsiku limene alangizi a zaumoyo afika pa sukulu ndi bokosi lao la katemera, kalasi imene masiku onse imadzaza mpaka pakhomo imapezeka ndi ana owerengeka. Ena makolo awauza kuti lero ukadyetse mbuzi. Ena, pakuona njinga ya mlangizi, alumpha pazenera nathawira kuthengo. Mukafunsa chifukwa chake mumva mau amodzimodzi ponseponse: akuti jekeseniyo ndi yotseka kubereka, akuti boma lifuna kutichepetsa, akuti ndi nzeru za chipani chakutichakuti. Ndipo chotichititsa manyazi koposa ndi chakuti ena mwa onena mau otere ali ndi khadi lathu m'thumba.

Bodza limeneli si lachilendo ai. Ndi lakale kuposa ambiri a inu amene muli kuwerenga pepala lino. M'chaka cha 1960, dziko lino likali m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ntchito za chipatala zinali m'manja mwa boma la ku Salisbury, mzinda umene lero tiutcha Harare. Anthu athu anali kudana nacho Chitaganya, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Tsono pamene obaya katemera wa nthomba anafika m'midzi, mphekesera inayenda yakuti mankhwalawo ndi ofuna kuti anthu akuda asabereke, ndipo m'midzi ina anthu anawakana. Nanga nthombayo inakana yani? Sinafunse kuti uyu ndi wa Chitaganya, uyu ndi wofuna ufulu. Inalowa m'nyumba za iwo omwe anali kumenyera dziko lao, nipha ana ao, nisiya ena akhungu ndi ena a zipsera kumaso. Funsani agogo anu, adzakuuzani.

Taonani tsono chimene chinatsata. Amene anabayidwa katemera uja anabereka ana, anawo nabereka ife. Chitaganya chinatha mu 1963, koma nthomba sinathe ndi mbendera yatsopano. Inatha ndi katemera. Munthu wotsiriza kuigwira mwachibadwa pa dziko lonse lapansi anali wa ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la zaumoyo la maiko onse linalengeza kuti nthenda imeneyi yatha. Lero mwana wa sukulu akamva mau akuti nthomba ayenera kufunsa aphunzitsi tanthauzo lake.

Kodi katemera ndi chiani kuti tizimuopa chotere? Dzina lomwelo ndi lathu. Makolo athu anali kutemera mwana mphini kuti choipa chisamgwere, ndipo nzeru yakuti munthu amtchinjirize asanadwale inali yao kale. Chosiyana ndi chakuti katemera wa kuchipatala anayesedwa pa anthu ambirimbiri, ntchito yake nioneka. Amatenga kachirombo koyambitsa nthenda, nakafooketsa kapena kukapha, kapena kutengako kachidutswa chabe, nakaika m'thupi la mwana. Thupi likakaona kamdani kofookako limaphunzira nkhope yake ndi kusula zida. Tsiku limene kachirombo kenikeni kadzafika, kapeza mudzi uli maso, monga mbala imene anaidziwa kale nkhope. Njira imeneyi anaiyamba Edward Jenner ku England m'chaka cha 1796, ndiye kuti yakhala ikuyesedwa zaka zoposa 200.

Ena a inu munena kuti, "Wangayo anatsiriza sikelo ali wakhanda, za jekeseni zatha." Pamenepa ndi pamene tifuna kukhalitsa pang'ono, pakuti ndipo pamene ambiri tiri kuphonya.

Kumbukirani chikuku cha m'chaka cha 2010. Anthu oposa 134,000 anadwala m'dziko muno, ndipo oposa 300 anamwalira. Tinali kuyesa kuti chikuku ndi nthenda ya makanda, koma chaka chimenecho oposa theka la odwalawo anali a zaka 5 kupita m'tsogolo, ambiri a iwo ana a sukulu, ena akuluakulu a ndevu zao. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Jekeseni imodzi ya chikuku, ya pa miyezi 9 ija, sigwira mwana aliyense. Pa ana ambiri patsala ena amene thupi lao silinaphunzire. Onjezani amene amai ao sanapite nao konse chifukwa mtsinje unadzaza kapena kunali maliro. Chaka ndi chaka otsalawo achuluka mwakachetechete, monga udzu wouma m'mbali mwa nkhokwe, kufikira tsiku limene wina aponyapo moto. Ndicho chifukwa chake masiku ano mwana ayenera kulandira kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndiponso ndicho chifukwa chake a zaumoyo nthawi zina amabwera pa sukulu kudzabaya ana onse osafika zaka 15, kuti otsala aja apezeke.

Ndipo palibe malo amene chikuku chikonda koposa kalasi. Chimayenda mumpweya. Mwana wodwala akatsokomola m'chipinda, tizirombo tikhoza kukhala m'menemo mpaka maola awiri iye atatuluka kale. Amayamba kupatsira anzake masiku anai zidzolo zisanatuluke, pamene amake ali kuyesa kuti ndi chimfine chabe namtumiza ku sukulu. Pa ana 10 osabayidwa amene akhala naye pafupi, 9 adzadwala. Tsono ganizani za kalasi ya Sitandade 1 ya kwathu kuno, mmene ana akhala pansi mothinana, bondo kukhudza bondo. Madzulo aliyense wa iwo abwerera kwao, nakanyamula mng'ono wake wa miyezi isanu amene sanafike msinkhu wa jekeseni. Khanda limenelo liribe chotchinga china koma akulu ake. Akatswiri anawerengera kuti chikuku chileke kuyenda m'mudzi, ana 95 pa 100 alionse ayenera kukhala obayidwa. Chotero bambo amene abisa ana ake atatu sali kusewera ndi moyo wa ana ake okha, ali kuboola mpanda wa mudzi wonse.

Asakunyengeni munthu kuti chikuku ndi kanthenda kongodutsa. Chimadzetsa chibayo ndi kutsekula m'mimba, chimagonthetsa makutu, chimawononga maso, ndipo mwana amene wachira amakhala wofooka miyezi yambiri, nthenda iriyonse nimpeza. Tinenenso pano, popeza tafikapo: mwana wa chikuku musamtsekere m'nyumba ndi kumdonthezera madzi a zitsamba m'maso. Ana ambiri ataya maso mwa njira imeneyo. Pitani naye kuchipatala, kumene adzampatsa vitamini A wotchinjiriza masowo.

Za poliyo sitichulutsa mau. Dziko lino linakhala zaka 30 osaiona poliyo ya kuthengo, kuyambira mu 1992, ndipo ambiri tinaiiwala. M'mwezi wa February 2022 kunalengezedwa kuti kamtsikana ka zaka 3 ku Lilongwe kapuwala nayo, ndipo atapima anapeza kuti kachiromboko ndi ka mtundu wa ku Pakistan. Pambuyo pake inaonekanso ku Tete, kwa anansi athu a ku Mozambique. Ngati nthenda ichoka ku Pakistan nifika ku Lilongwe popanda chiphaso, kodi idzalephera kuoloka dambo la kwanu? Anaizimitsa ndi madontho awiri m'kamwa mwa ana, khomo ndi khomo.

Tsopano tifike pa nkhani imene iri kubala mabodza ambiri, ya atsikana. M'mwezi wa January 2019 dziko lathu linayamba kupereka katemera wa khansa ya khomo la chiberekero kwa atsikana a zaka 9. Pomwepo anthu anayamba kunong'onezana: chifukwa ninji atsikana okha, ndipo chifukwa ninji aang'ono chotere? Funso ndi labwino, ndipo liri ndi yankho. Khansa imeneyi imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. Katemera sachiza amene ali nako kale, amatchinga amene sanakumane nako. Chotero apatsidwa kwa mwana asanakule. Ndipo ayamba ndi atsikana chifukwa ndiwo amene adzafa nayo. Malawi ali m'gulu la maiko amene nthenda imeneyi ipha akazi ambiri koposa pa dziko lapansi. Amai a m'nthambi zathu, inu ndinu amene mumasambitsa odwala ndi kugona pa maliro. Mwaiona nthendayi, mkazi wa zaka makumi anai akutaya magazi miyezi ndi miyezi, akununkha, akubisala kwa anzake. Kodi pali mai amene afunira mwana wake imfa yotere? Za kutseka kubereka, ku Australia anayamba kubaya atsikana katemera ameneyu mu 2007, ku Rwanda mu 2011, ndipo ambiri a atsikana aja lero ali ndi ana kumsana.

Katemera wa tayifodi, amene anaperekedwa kwa ana osafika zaka 15 m'mwezi wa May 2023, ndi wa mtundu umodzi ndi amene anayamba wayesedwa konkuno, pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu Blantyre, ndipo anatchinjiriza pafupifupi 8 pa 10 alionse. Amene anena kuti mankhwalawa sanayesedwe pa munthu wakuda akafunse kumeneko.

Sitikubisirani: jekeseni imawawa. Mkono ukhoza kutupa, thupi likhoza kutentha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo wa chikuku nthawi zina atulutsa tizidzolo patapita sabata. Zimenezi zimatha zokha. Mukaona zachilendo zoposa apa, thamangani kwa mlangizi, musakhale chete.

Tidziwa kuti ena a inu muli ndi mkwiyo ndi boma, ndipo ifenso tiri nao. Chipatala chiri kutali, mankhwala asowa, mlangizi mmodzi ayenda midzi yambiri pa njinga yakutha matayala. Zimenezi tazinena pa misonkhano ndipo sitidzaleka kuzinena. Koma munthu wanzeru akakwiya ndi mwini chitsime saletsa ana ake kumwa madzi. Katemera salipiritsa, ndipo si mphatso ya nduna kapena ya phungu aliyense. Ndi gawo la mwana wanu monga mbadwa ya dziko lino. Chipani chimene chifuna kudzalamulira mawa chifuna anthu amoyo, oona ndi oyenda. Membala aliyense amene agwiritsa ntchito dzina lathu poopseza makolo kapena kuthamangitsa alangizi, komiti ya nthambi imuitane nimfunse.

Abale athu a mipingo imene ikaniza mankhwala tisawanyoze kapena kuwaopseza. Tikhale nao pansi pamodzi ndi a mfumu, tiwakumbutse mwaulemu kuti mwana wa zaka 7 sanasankhe yekha, ndi kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ntchito tsono nayi. A Wapampando a nthambi iriyonse akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo ndi a hedimasitala, adziwe masiku a katemera, nawalengeze pa msonkhano, pa chigayo ndi pa mjigo. Ife amene timadziwa kuyenda khomo ndi khomo kufunsa makhadi a chipani, tiyendenso chomwecho kufunsa mabuku a kusikelo. Mwana amene buku lake liri ndi mipata, ngakhale ali wamkulu, apite nalo kwa mlangizi akaone chimene chingachitike. Achinyamata musaiwale ana amene sapita ku sukulu, abusa a ng'ombe, ogulitsa mandasi pamsika ndi atsikana olera ana a eni, pakuti bokosi likafika pa sukulu iwo sakhalapo. Alembi alembe chiwerengero cha ana otere mudzi ndi mudzi, nabwere nacho ku msonkhano wa mwezi wa mawa.