NDALAMA ZOBEDWA ZILI NDI ENI AKE, BOMA LIZIBWEZE

Amai ndi atate a ku Soweto, City Market, Kabwata ndi Chelstone, nkhani iyi ndi yanu.

Mu August 2025, a Interpol analengeza kuti apolisi a muno mu Zambia aphwanya gulu lomwe linali kunamiza anthu kuti aike ndalama mu crypto, ati zidzabala phindu lalikulu. Anthu 65,000 anataya ndalama pafupifupi 300 miliyoni ya madola. Anamangidwa ndi anthu 15, ndipo ma account a ku banki ndi manambala a foni zinagwidwa. Ngati munaikamo za chilimba olo za oda ya tomato, funso ndi limodzi chabe: zanu zibwera liti?

Asakunamizeni kuti crypto ikapita yapita. Bitcoin ndi USDT zimayenda pa blockchain, buku la poyera lomwe aliyense angawerenge. Ndalama ikachoka pa wallet iyi kupita pa ina imalembedwa, ndipo sizifufutika. Dzina la kawalala silioneka, zoona. Koma akafuna kusintha kukhala kwacha, nthawi zambiri amadutsa pa exchange yofunsa chiphaso, olo pa mobile money, pomwe SIM inalembetsedwa ndi NRC. Apo ndiye pogwirira. Ku America, bitcoin yobedwa ku Bitfinex mu 2016 anailondola mpaka kugwira yoposa 94,000 mu 2022.

Boma lathu likafuna limadziwa kugwira ndalama. K65 miliyoni yomwe inapezeka m'nyumba ku New Kasama mu 2021 inaperekedwa kuti ilipirire ana a ku yunivesite. Manje izi za crypto ndi zosiyana. Mwini wake adziwika: ndinu, amene mumauka 04:00 kukaoda ndiwo.

Ndiye ba DEC ndi apolisi atiuze poyera: zagwidwa zingati, zili kuti, ndipo wobeledwa akalembetse ku ofesi iti. Wa ku Kabulonga kapena Woodlands angathe kulipira loya kuti atsatire zake. Mai wa pa tebulo la kapenta sangakwanitse, choncho kulembetsa kukhale kwaulere, pafupi ndi msika.

Inunso musafufute kanthu mufoni. Sungani ma SMS a mobile money, nambala yomwe munatumizako ndi adiresi ya wallet. Kachiteni lipoti ku polisi, mutenge nambala ya mlandu. Wina akakuimbirani kuti "tumizani kangachepe tikubwezereni zanu", dulani foni, ameneyo afuna kukubelani kachiwiri.

Tumizani uthengawu ku gulu lanu la chilimba. Khansala ndi MP wanu akabwera mumsika, afunseni za ndalamazi.