KUSAMALA MAKINA A M'SUKULU ZATHU, GAWO LACHITATU: PHALA LOZIZIRITSA KOMPYUTA

M'gawo lapitalo tidakambirana za kuzimazima kwa magetsi ndi momwe kumaonongera makina athu. Lero tiloŵe m'kati mwenimweni mwa kompyuta, tikaone kanthu kakang'ono kosadzaza ndi sipuni ya tiyi yomwe, kamene kuuma kwake kwagoneka makompyuta ambiri m'zipinda zosungira katundu m'sukulu zathu. Amisiri amakatchula kuti thermal paste, koma ife pano tizingoti phala.

Chandichititsa kulemba ndi ichi. Mwezi wa Okutobala chaka chatha, mphunzitsi mnzanga wa pa sukulu ina cha ku Lirangwe ankalemba mafunso a mayeso pa laputopu yake yogula pa kaunjika. Ikagwira ntchito mphindi 20 inkayamba kulira ngati ndege yonyamuka pa bwalo la Chileka, kenaka n'kuzima yokha. Ena adati yagwidwa ndi vayirasi, ena adati yatha ntchito, angogula ina. Mnyamata wina wokonza mafoni pamsika adaitsekula napeza phala litauma gwa ngati dothi la pachulu. Adalipala napaka lina, ndipo mayeso aja adalembedwa tsiku lomwelo.

Tsono phala limeneli limagwira ntchito yanji? Ubongo wa kompyuta, umene timautcha pulosesa, ndi kachidutswa ka silikoni kodzaza ndi timaswitchi tosaoneka ndi maso. Pulosesa yoyamba ya kampani ya Intel, yotchedwa 4004, idatuluka mu 1971 ili ndi timaswitchi 2,300 tokha, pomwe za masiku ano zili ndi mabiliyoni. Magetsi amene pulosesa imadya amasanduka kutentha. Pulosesa wamba ya kompyuta ya pa desiki imatha kudya mawati 65. Amene mudagwirapo babu lakale lija la mawati 60 likuyaka, taganizani moto wonsewo utaunjikana pa malo aang'ono ngati sitampa ya kalata. Pulosesa zambiri zikayandikira madigiri 100 zimayamba zachepetsa liŵiro, ndipo zikapitirira apo zimazimitsa makina kuti zisapse. Laputopu ya mnzanga uja sinkadwala ai, inkadziteteza.

Pofuna kuchotsa kutenthako, pamwamba pa pulosesa amaikapo chitsulo cha mkuwa kapena aluminiyamu chokhala ndi mano ngati chipeso, ndipo fani imapemerera manowo. Vuto lili pamene ziŵirizi zikhudzana. Ngakhale zioneke zosalala chotani, zili ndi timaenje ndi timizere, ndipo m'timaenjemo mumatsala mpweya. Amayi amene adaphikapo pa mbaula ya magetsi ndi poto wopindika kunsi akudziŵa kuti madzi amachedwa kuŵira chifukwa potoyo sakhudza mbaula paliponse. Akatswiri amayesa kuyenda kwa kutentha ndi muyeso wolembedwa W/mK. Mkuwa uli pafupi ndi 400, koma mpweya uli pa 0.026 pokha. Phala limathamangitsa mpweyawo n'kukhala m'malo mwake. Komabe phala labwino lomwe limachepa kutalitali poliyerekeza ndi mkuwa, motero ntchito yake ndi kumata ming'alu basi. Wopaka lambiri poganiza kuti makina azizira kwambiri wangotaya ndalama ndi kudetsa bolodi.

Tiyeni tione mitundu yake. Loyamba ndi phala loyera lotsika mtengo, la mafuta a silikoni osakaniza ndi ufa wa zinki, limene kaŵirikaŵiri silifika ndi pa 1 pomwe. Pa kompyuta yakale ya mu ofesi yolembera makalata limakwanira ndithu, ndipo sindilinyoza. Choipa chake n'chakuti lina limabwera m'timachubu topanda dzina, ndipo limauma msanga.

Lachiŵiri ndi la pakatikati, lotuŵa, monga MX-4 wa kampani ya Arctic kapena NT-H1 wa kampani ya Noctua ya ku Austria. Silidutsa magetsi, choncho likatayikira pambali palibe choopsa. Eni ake a MX-4 amanena kuti limatha zaka 8 lisanasinthidwe. Palinso Arctic Silver 5, lokhala ndi ufa wa siliva, limene lidatchuka kwambiri zaka za m'mbuyomu, koma limafuna maola ofika 200 kuti likhazikike, ndipo eni ake amachenjeza kuti lisakhudze timiyendo ta zipangizo za pa bolodi.

Lachitatu ndilo limakopa achinyamata athu akaliona pa YouTube: chitsulo chamadzi, chosakaniza galiyamu, indiyamu ndi tini. Conductonaut wa kampani ya Thermal Grizzly ya ku Germany ankalembedwa 73, ndipo kampani ya Sony idagwiritsa ntchito chitsulo chamadzi m'makina ake a maseŵera a PlayStation 5 mu 2020. Nchoona kuti chimaziziritsa koposa zonse. Koma chimadutsa magetsi, kadontho kamodzi kakagwera pa bolodi makina apita, ndiponso galiyamu imadya aluminiyamu mpaka kuifumbutsa. A Sony adachimangira mpanda wake ku fakitale. Laputopu ya mphunzitsi imayenda m'chikwama pa kabaza m'miseu yathu ya mabampu, nanga kadonthoko kakhala malo amodzi bwanji? Ine ndikuti chitsulo chamadzi chisaloŵe m'sukulu.

Za manambala olembedwa pa chubu musazikhulupirire msanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kampani iliyonse imayesa m'njira yakeyake, kotero kuti a Noctua sasindikiza nambalayi n'komwe, ndipo a Arctic nawonso adaleka kuilemba pa phala lao latsopano. Oyesa mosakondera amapeza kuti mitundu yabwino ya phala imasiyana ndi madigiri oŵerengeka chabe, pomwe kusiyana kwa phala louma ndi latsopano kumakhala kwakukulu. Kumeneko ndiye kuli nkhani, osati pa mpikisano wa maina.

Pali ena amapaka mankhwala otsukira mano. Tsiku loyamba zimaoneka ngati zayenda, chifukwa mankhwalawo ali ndi madzi. Madziwo akauma mwatsala ndi choko. Mmisiri wochita zimenezi pa makina a mwini n'kulandira malipiro, ameneyo waba.

Ife a kuno tili ndi chifukwa chapadera chosamalira zimenezi. Chileka ili m'munsi poiyerekeza ndi mzinda wa Blantyre, ndipo mukamatsika mseu wa M1 kudzera pa Lunzu ndi Lirangwe kuloŵera ku Zalewa kutentha kumanka kukula. M'chilimwe kupitirira madigiri 30 si nkhani, ndipo m'kalasi ya malata yopanda siling'i kumaposa apo. Fani siipanga kuzizira, imangokoka mpweya umene uli m'chipinda, ndiye chipinda chikatentha pulosesa imakwera nacho limodzi. Makina ambiri amene timagula adagwira kale ntchito zaka zingapo ku maiko ozizira, ndipo amafika ndi phala lao lakale lomwelo. Kuyaka ndi kuzima kwa tsiku ndi tsiku kumafufumitsa ndi kufinya zitsulo, phala n'kumakankhidwira m'mbali pang'onopang'ono, makamaka m'malaputopu. Tikaonjezapo fumbi lotseka mano a chipeso chija, ngakhale phala lodula chotani silingathandize. Yambani mwachotsa fumbi.

Kapakidwe kake n'kosavuta. Zulani chingwe cha magetsi ndi batire. Pukutani phala lakale mbali zonse ziŵiri ndi kansalu konyoŵetsa ndi isopropyl alcohol, kapena sipiriti akasoŵa ameneyo, mudikire paume. Pa kompyuta ya pa desiki dontho lalikulu ngati njere ya nandolo pakati likwanira, pomwe pa laputopu, imene silikoni wake ali pamtunda, muyale mopyapyala ponseponse. Mange masukuluu mopingasa, pang'onopang'ono, potsata manambala olembedwa pambali pake.

Aphunzitsi aakulu, chubu kamodzi ka magalamu 4 ka phala la pakatikati kamakwanira makompyuta oposa 10, ndipo mtengo wake sufika ndi pa kachigawo ka mtengo wa kompyuta imodzi. Mukamakonza ndondomeko ya ndalama za choko ndi mapepala, ikanimonso chubu chimenechi, ndipo ntchitoyi izichitika pa tchuthi cha Ogasiti, dzuŵa lisanakule. Muitane anyamata ndi atsikana amene adalemba mayeso a Fomu 4 adzaonerere ndi kugwirako, poti mmisiri wa mnzanga uja nayenso adaphunzira poonerera.

Sabata ya maŵa tidzakambirana za mabatire otupa a laputopu ndi katayidwe kake.