ZA PA MUDZI PATHU: Kodi nyanja nja yani?



Mwezi uno tikambe za nsomba. Akulu atiuza kuti kale chambo chinali ndiwo wamba. Lero amayi atsikira kudooko ndi mbale, nabwerako ndi tiusipa towerengeka. Kodi bvuto limeneli lichokera kuti? Anthu anzeru analingalirapo mosiyana, ndipo nkwabwino kuti timve maganizo ao.

Mngelezi wina, Thomas Malthus, analemba m'chaka cha 1798 kuti anthu achuluka msanga koposa chakudya chao. Pamenepa pali choona: m'chaka cha 1966 tinali ngati 4 miliyoni m'Malawi, koma pa kalembera wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni, chikhalirecho nyanja siinakule.

M'chaka cha 1968 Garrett Hardin wa ku America anati chinthu cha anthu onse chionongeka chifukwa chiribe mwini. Msodzi ati mumtima mwake: ndikaleka ine tiana ta chamboti, mnzanga atikokolola mawa. Tero onse akoka, ndipo onse asauka. Iye anati mankhwala ake ndiwo kupereka chinthucho kwa boma kapena kwa mwini mmodzi.

Koma mayi wina, Elinor Ostrom, anafufuza za asodzi, abusa a ziweto ndi alimi othirira a m'maiko ambiri, napeza midzi imene inasunga chuma cha onse zaka mazana. Midziyo inadziwa malire ake, inapangana yokha malamulo, inaika alonda, nilanga olakwa, poyamba pang'ono, pobwereza kwambiri. Analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2009.

Ife tibvomerezana ndi mayiyu, pakuti umboni uli kwathu konkuno. Pa chisumbu cha Mbenje ku Salima, Mfumu Makanjira ndi anthu ake atseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira zaka za m'ma 1950. M'boma lathu lino la Nkhata Bay, bungwe la Ripple Africa linathandiza mafumu ndi asodzi kukhazika makomiti oletsa kuwedza ndi masikito.

Taganizani, abale: chambo chisunga ana ake m'kamwa kufikira atakhwima, niwatula m'madzi osaya, m'mabango. Pomwepo ife tifika ndi neti ya udzudzu, tiwakokolola asanakule, ndipo usiku ana athu agona pambalambanda, malungo nawagwira. Tiluza pawiri.

Papa Francis, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anatikumbutsa kuti dziko ndi nyumba ya ife tonse. Chifukwa chake bambo abweze neti pamphasa ya ana, mayi akane kugula kasawala ngakhale atsike mtengo, ndipo tonse tikakhale pabwalo pamene mfumu iitana za usodzi. Lamulo limene tapangana tokha ndilo tidzalisunga.

Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.