Mabanki Ayambe ndi Asodzi

Anzanga a pa sukulu pano, mundilole ndinenepo maganizo anga pa nkhani ya mafuta a pansi pa nyanja yathu.

Ine ndine mwana wa msodzi wa ku Malindi. Tsiku lina atate anapita ku banki ina pa Boma la Mangochi kukapempha ngongole ya injini ya bwato. Anawafunsa chikole, ati kalata ya nyumba kapena ya malo. Iwo anatchula bwato lawo ndi matchera, koma kalaliki anangopukusa mutu. Anabwerako chimanjamanja.

Tsono ndikamva akulu ena alikunena kuti mafuta akadzapezeka mabanki adzasefukira ndipo tonse tidzalemera, ndimakumbuka dziko la South Sudan. Linalandira ufulu m'chaka cha 2011, chaka chomwenso Boma lathu linalola kampani ya Surestream kufufuza mafuta m'nyanja muno. Pafupifupi ndalama zonse za boma lawo zinkachokera ku mafuta, ndipo mabanki a ku Kenya, monga KCB ndi Equity, anali atatsegula kale nthambi ku Juba. Mu 2012 anakangana ndi Sudan pa mtengo wa mpope wopita ku Port Sudan, natseka zitsime zonse. Chuma chinaima. Mu Disembala 2013 nkhondo inabuka, ndipo pambuyo pake mabanki aja anatseka nthambi zina.

Ine ndikuti mabanki athu asadikire mafuta ai. Ayambe kukongoza asodzi a usipa ndi chambo m'magulu, kuti pobweza ngongole azithandizana okhaokha. Atate akali kupalasa ndi nkhafi mpaka lero, ndipo msana wayamba kuwavuta.